Kwa atsogoleri a Amalawi ku Britain: boiler ikafa m'nyumba muli khanda

Kwa abusa ndi akulu ampingo, kwa atsogoleri a mabungwe a Amalawi m'mizinda ya ku Britain, ndi kwa inu abale athu amene muli ndi nyumba kapena zipinda zochititsa lendi,

Landirani moni. Tikulemba ife amene timagwira ntchito yosamalira thanzi la ana ndi yokonza zotenthetsera m'nyumba. Nkhani yathu ndi ya usiku woyamba umene boiler, makina otenthetsera nyumba ndi madzi, yafa, kunja kuli chisanu, m'nyumba muli mwana wa miyezi iwiri. Usiku wotere mayi saimbira khonsolo. Amaimbira inu, kapena amalemba pagulu la WhatsApp la mpingo, ndipo malangizo amene alandire m'mphindi zoyambirirazo ndi amene atsate mpaka kuche. N'chifukwa chake tikupempha kuti malangizowo akhale olondola, ndiponso kuti zipangizo zikhale zili kale m'manja mwanu Novembala asanafike.

Kuzizira timakudziwa. Amene anakulira ku Dedza kapena ku Mzuzu amaudziwa mwezi wa Juni, a ku Thyolo ndi ku Mulanje amachidziwa chiperoni. Koma kwathu dzuwa likatuluka timakawothera pakhonde, thupi n'kubwerera. Kuno mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo nyumba ikatha tsiku limodzi yosatenthetsedwa, makoma omwe amazizira. Abale athu amene afika zaka zaposachedwapa, ambiri pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, amakumana ndi zimenezi atanyamula nzeru zakumudzi. Nzeruzo n'zabwino, koma zina mwa izo m'nyumba ya kuno zimapha.

Yoyamba ndi makala. Chonde, nenani paguwa, nenani pamsonkhano, nenani m'Chichewa: mbaula, chowotchera nyama cha panja, kapena chilichonse choyaka makala chisalowe m'nyumba, ngakhale moto utaoneka ngati wazima. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsamwitsa ngati utsi. Ukalowa m'mapapo umagwira magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo oposa 200, motero magazi amayenda koma sanyamula chimene thupi likufuna. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, n'kumaganiza kuti ndi chimfine, kenako tulo timamutenga. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, ndiye amayamba ndi iye. Kwathu komwe, m'nyumba zokhala ndi mipata kudenga ndi pachitseko, mbaula yapha anthu atagona. Nanji kuno, kumene mawindo ali ndi magalasi awiriawiri ndi mphira m'mbali kuti mphepo isadutse? Kuyatsa uvuni wa gasi n'kusiya chitseko chake chotsegula, kapena kuyatsa mapuleti onse a chitofu kuti khitchini ifunde, ndi ngozi yomweyo. Kuwonjezera apo gasi akamayaka amatulutsa chinyezi chimene chimakatera pamakoma ozizira. Ngati anthu awiri kapena atatu m'nyumba imodzi akumva mutu nthawi imodzi, ndipo akatuluka panja akupezako bwino, atuluke onse, asiye zitseko zotsegula, aimbe 999, nambala ya ngozi zadzidzidzi.

Alamu ya carbon monoxide ndi kabokosi kokwana m'dzanja, koyendera batire, ndipo mtengo wake kawirikawiri umakhala pafupi ndi £20. Pogula muone kuti palembedwa EN 50291. Iikidwe mita imodzi mpaka atatu kuchokera pa boiler, osati m'kabati yotseka. Ku England, kuyambira pa 1 Okutobala 2022, landilodi ayenera kuika alamu yotere m'chipinda chilichonse chokhala ndi boiler kapena chiwiya china chokhazikika choyaka moto, kupatulapo chitofu cha gasi. Ngati mulibe, lamulo laphwanyidwa kale boiler isanafe n'komwe.

Tibwere kwa mwana. Khanda limataya kutentha msanga chifukwa thupi ndi laling'ono, mutu ndi waukulu, ndipo silinjenjemera mokwanira kuti lidzifunditse. Koma choopsa chimene timachiona kawirikawiri mwa makolo achikondi ndi mbali inayo: kumuunjikira mwana mabulangeti, kumuveka chipewa chaubweya, n'kumugoneka pakati pa bambo ndi mayi pansi pa duvet, chofunda chochindikala chija. Kutenthedwa kwambiri ndi kuphimbika nkhope ndi zina mwa zimene zimachititsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo. Bungwe la Lullaby Trust, limene limaphunzitsa za kagonedwe ka makanda kuno, limati chipinda chogona khanda chikhale pa madigiri 16 mpaka 20. Kwa wamkulu wochokera ku Salima, madigiri 17 ndi kozizira. Kwa khanda lovala bwino ndi pabwino. Ndiye thermometer ya m'chipinda, ya mapaundi ochepa chabe, imathetsa mkangano wa m'banja kuposa mawu athu.

Mwana avale vesiti yamkati, kenako chovala chogonera cha manja ndi miyendo yaitali, kenako thumba logonera la makanda lolingana ndi msinkhu wake. Matumba amenewa amalembedwa tog, kusonyeza kufunda kwake: 2.5 tog ndi ya chipinda cha madigiri 16 mpaka 20, ndipo 3.5 tog ndi ya chipinda chozizira kuposa pamenepo. Ngati thumba palibe, mabulangeti opepuka atsinikizidwe pansi pa matiresi, afike m'chifuwa osapitirira mapewa, mapazi a mwana akhale kumapeto kwa kabedi kuti asatsetserekere pansi pa zofunda. Bulangeti lopinda pawiri liwerengedwe ngati awiri. Agone chagada. Chipewa achivule akakhala m'nyumba, makamaka pogona, chifukwa mwana akatenthedwa amatulutsira kutenthako kumutu. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe duvet kapena pilo, ndipo botolo la madzi otentha kapena bulangeti lamagetsi zisayandikire khanda. Pofuna kudziwa ngati wafunda, musadalire timanja ndi timapazi, timeneti timazizira ngakhale mwana ali bwino. Lowetsani dzanja pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Pakakhala pofunda ndi pouma, ali bwino. Pakakhala thukuta, chotsani chimodzi.

Tikudziwa kuti mabanja athu ambiri amagona ndi mwana pabedi limodzi, ndipo usiku wozizira palibe mayi amene angakonde kumusiya payekha. Tisanamizane kuti sizichitika, koma tinene malire ake. Zofunda ndi mapilo a akulu zikhale kutali ndi mwana. Asagone naye aliyense amene wamwa mowa, amene amasuta, kapena wamwa mankhwala ogonetsa, ndiponso ngati mwanayo anabadwa masabata 37 asanakwane kapena ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5. Ndipo pasofa kapena pampando ayi ndithu. Apa tikutsindika chifukwa pabalaza ndi pamene pamakhala hita, ndiye mayi wotopa ndi shifiti ya usiku amakhala pasofa akuyamwitsa, tulo n'kumuba. Mwana amatha kutsetserekera pampata wa pakati pa thupi la mayi ndi khushoni n'kubanika popanda kulira.

Nzeru yakwathu imene ikugwira ntchito kuno monga kwathu ndi ya kangaroo, imene amayi amaphunzitsidwa m'zipatala za ku Malawi. Mwana atavala thewera lokha aikidwe pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu kukhudza khungu, nkhope yoonekera ndi mphuno yosaphimbika, amangidwe ndi chitenje, wamkuluyo avale juzi pamwamba. Palibe hita yoposa imeneyi, bola womunyamulayo ali maso. Mwana ayamwe pafupipafupi, chifukwa kudzifunditsa kumadya mphamvu. Wa mkaka wa m'chitini, madzi ake awire m'ketulo ndipo asatsike pansi pa madigiri 70 posungunula, kutanthauza kuti lita imodzi yowira isadikire kupitirira mphindi 30, kenako mkakawo uzizire asanamwe. Kusamba kudikire. Masiku awiri kapena atatu kumupukuta nkhope, m'khosi ndi kumatako ndi kansalu kofunda, mbali imodzi ina ili yofunda, n'kokwanira.

Mwana amene wazizidwa moopsa salira kwambiri. Amakhala chete modabwitsa, wolefuka, watulo tosadzutsika bwino, amakana bere, ndipo pachifuwa pake pamazizira. Pakhungu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, ndiye yang'anani milomo, nkhama ndi lilime. Thermometer ya m'khwapa ikasonyeza pansi pa madigiri 36, mufunditseni pachifuwa panu ndipo imbani 111, nambala ya malangizo a zachipatala, nthawi yomweyo. Ikafika pansi pa 35, kapena mwana akalefuka ndi kukana kuyamwa, imbani 999. Musamutikite manja ndi miyendo, musamuviike m'madzi otentha, musamuyandikize pa hita.

Nyumba yonse simungaitenthetse ndi hita imodzi, ndiye banja lisankhe chipinda chimodzi, chaching'ono, chokhala ndi makoma ochepa oyang'ana kunja. Chitseko chitsekedwe, pansi pake paikidwe thaulo lokulunga, makatani atsekedwe dzuwa likangolowa ndipo atsegulidwe m'mawa ngati kwawala. Hita yoyenera pamene pali mwana ndi ija yamafuta mkati, yooneka ngati radiator (chitsulo chofunditsa chipinda) yamatayala, ya 1.5 kW kapena 2 kW, yokhala ndi thermostat, kachipangizo koizimitsa kutentha kukakwana. Ilibe waya wofiira woti n'kuyatsa nsalu, ndipo imasunga kutentha ikazima. Iime pansi posalala, mita imodzi kuchokera ku makatani, bedi ndi kabedi ka mwana, ndipo pasayanikidwe chovala chilichonse. Mahita a fani ndi a nyali zofiira aja asasiyidwe oyaka anthu atagona. Pulagi ilowe pasoketi ya pakhoma. Ekisitenshoni ya kuno imanyamula ma amp 13, pafupifupi 3 kW yonse pamodzi. Mukalumikizapo hita ya 2 kW ndi ketulo ya 3 kW, mwaisenzetsa 5 kW, ndipo mwayi ukakhalapo fyuzi imapsa, ukasowa pulasitiki imasungunuka. Pulagi ikamatentha poikhudza, zimitsani.

Za ndalama tinene poyera, chifukwa mabanja ena amazimitsa hita poopa bilu. Hita ya 2 kW ikayaka ola lathunthu imadya mayuniti awiri. Tikawerengera yuniti pa 26p, maola khumi ndi £5.20, ndipo m'chipinda chotseka thermostat imadula, ndalamayo n'kutsika. Ndi ndalama ndithu kwa banja la mita yolipiriratu, koma ndi ndalama imene thumba la chifundo la mpingo lingathe kwa sabata imodzi. Zenera litsegulidwe pang'ono mphindi khumi patsiku mwana ali kuchipinda china, ndipo zovala zonyowa zisayanikidwe m'chipinda chogonamo, chifukwa chinyezi cha mpweya wa anthu anayi ndi cha zochapa chikatera pakhoma lozizira chimabala chuku.

Si boiler iliyonse yozima imene yawonongeka. Pali zinthu zimene wokhala m'nyumba angayang'ane yekha popanda kumasula kanthu. Ayambe ndi mita zonse ziwiri, chifukwa boiler ya gasi imafunanso magetsi oyendetsa pampu ndi fani. Mita yolipiriratu ikatha pali emergency credit, kangongole kadzidzidzi ka pa mita, ndipo kampani ikauzidwa kuti m'nyumba muli khanda ingathe kuwonjezera ngongole yothandizira. Kenako aone thermostat ya pakhoma, mabatire ake amatha, ndipo magetsi akathima nthawi imene inatcheredwa imatha kusokonekera. Akatero ayang'ane kawotchi ka pressure kutsogolo kapena kunsi kwa boiler. Boiler ikakhala yozizira muvi uzikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Ukagwa kufupi ndi ziro, boiler imadzitseka yokha podziteteza. Madzi amawonjezeredwa kudzera pa kapaipi kofewa kasiliva kotchedwa filling loop: mumatsegula timavavu take pang'onopang'ono, muvi ukafika cha pa 1.2 mumatseka zolimba. Ukapitirira mpaka 3 bar madzi amayamba kutayikira kunja. Pressure ikagwanso mawa lake, penapake pakudontha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Usiku wa chisanu choopsa, wolakwa nthawi zambiri ndi condensate pipe, paipi yapulasitiki yoyera kapena yotuwa yochokera ku boiler kutulukira kunja kupita ku ngalande. Maboiler amakono amatulutsa timadzi todontha, ndipo timadziti tikaundana pokhota kapena kumapeto kwa paipi, boiler imalira ngati ikuchukucha m'kamwa kenako imazima n'kuonetsa nambala ya vuto. Kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018, pa chisanu chija anachitcha Beast from the East, nyumba zambirimbiri zinazizira chifukwa cha paipi imeneyi basi. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, osati owira chifukwa angang'ambe pulasitiki. Thirani ndi jagi pamalo oundanapo kangapo, kapena gonekanipo botolo la madzi otentha, kenako dinani batani la reset. Samalani madzi otayikira pansi, amaundana n'kugwetsa munthu, ndipo ngati paipiyo ili pamwamba musakwere makwerero usiku. Reset ikakanika kawiri, lekani. Radiator ikafunda kunsi koma pamwamba pozizira, muli mpweya: zimitsani boiler, tsegulani kavavu ka pakona ndi kakiyi kake pang'ono chabe mutagwirizira kansanza, mpweya ukatha n'kuyamba kutuluka madzi tsekani, ndipo onaninso pressure.

Apa ndiye pothera pa manja a munthu wamba. Chivundikiro cha boiler amatsegula ndi mmisiri yekhayo wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi, ndipo amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, kumbuyo kwake kutalembedwa ntchito za gasi zimene analoledwa. M'magulu athu mumapezeka achimwene aluso amene amakonza chilichonse pamtengo wachibale. Pa mipope ya madzi ndi zitseko tiwathokoze, koma pa gasi musawatumize ngati alibe khadi, ndipo musalole nambala zawo kufalitsidwa pagulu ngati okonza boiler. Fungo la gasi likamveka, pasakhale woyatsa kapena kuzimitsa switchi, mawindo atsegulidwe, chogwirira cha pa mita chitembenuzidwe kuti chipingase paipi, onse atuluke, aimbe 0800 111 999. Magetsi akathima dera lonse nambala ndi 105. Aliyense adziwenso pamene pali stopcock, vavu yotsekera madzi a nyumba yonse, imene kawirikawiri imakhala pansi pa sinki ya kukhitchini, chifukwa nyumba yozizira masiku angapo mapaipi ake amaundana n'kuphulika. Ndipo nyumba yokhala ndi thanki ya madzi otentha nthawi zambiri ili ndi switchi ya immersion heater, yotenthetsa madzi ndi magetsi boiler ili chifere.

Tsopano kwa inu a landilodi, makamaka amene mumachititsa lendi abale anu omwe. Ku England, gawo 11 la Landlord and Tenant Act 1985 limaika pamapewa anu udindo wokonza zotenthetsera nyumba ndi madzi. Malamulo a gasi a 1998 amafuna kuti mmisiri wa Gas Safe ayendere ziwiya za gasi chaka chilichonse, ndipo izi zikukhudzanso inu amene mwapereka chipinda m'nyumba imene mukukhalamo. Ku Scotland ndi ku Wales malamulo a gasi ndi omwewo, ndipo lamulo la kukonza nyumba lili ndi dzina lina koma udindo ndi womwewo. Lamulo limati mukonze m'nthawi yoyenera, ndipo m'Januwale, pali khanda, nthawi yoyenera si "tionana weekend". Mmisiri aitanidwe tsiku lomwelo. Ngati chitsulo chofunika chichedwa, hita ziwiri zifike madzulo omwewo ndipo muthandize pa magetsi owonjezerawo. Boiler iyenderedwe mu Seputembala amisiri asanapanikizike, condensate pipe ya kunja ikhale yaikulu mamilimita 32 ndi yokutidwa, ndipo tsiku lolowa m'nyumba musonyezeni mlendi wanu filling loop, stopcock ndi chogwirira cha gasi. Zimenezi sizitha mphindi khumi.

Dziko lino linaphunzira mowawa. Awaab Ishak, mwana wa zaka ziwiri, anamwalira ku Rochdale mu Disembala 2020 chifukwa cha chuku cha m'nyumba imene makolo ake anadandaula kangapo. Lamulo lotchedwa ndi dzina lake linayamba kugwira ntchito pa 27 Okutobala 2025, ndipo limakakamiza makhonsolo ndi ma housing association (mabungwe ochititsa lendi nyumba zotsika mtengo) a ku England kuthana ndi ngozi yadzidzidzi m'maola 24. Koma anthu athu ambiri amachita lendi kwa anthu wamba kapena amakhala m'nyumba za owalemba ntchito, ndipo amaopa kudandaula poganiza kuti ataya malo kapena viza. Apa ndi pamene mau a mtsogoleri amalemera. Thandizani banjalo kulemba uthenga kwa landilodi, osangoimba foni: tsiku ndi ola limene boiler yazima, nambala ya vuto, msinkhu wa mwana, ndi chithunzi cha thermometer. Landilodi akakhala chete, nthambi ya khonsolo ya environmental health, yoona za ukhondo ndi chitetezo cha malo okhala, ili ndi mphamvu pansi pa Housing Act 2004 yoyendera nyumba ndi kulamula kuti ikonzedwe, chifukwa kuzizira kopitirira ndi imodzi mwa ngozi zimene amaziwerengera. Musawalangize kusiya kulipira lendi, ngongole ya lendi ndi imene imapatsa landilodi njira yowatulutsira.

Ambiri pa viza yawo palembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti saloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma, ndiye amaganiza kuti khomo lililonse ndi lotseka. Thandizo ngati Cold Weather Payment, ndalama imene boma limapereka kukazizira kwambiri, sangalandiredi. Koma Priority Services Register, kaundula wa nyumba zofunika kuthandizidwa mwapadera pa gasi ndi magetsi, ndi yaulere, imalandira nyumba iliyonse yokhala ndi mwana wosakwana zaka zisanu, ndipo kulembetsa ndi kungouza kampani ya gasi kapena magetsi. Thandizo la khonsolo kwa mwana wovutika, pansi pa gawo 17 la Children Act 1989, siliwerengedwa ngati public funds. Health visitor wa mwanayo, namwino woyendera ana aang'ono m'makomo, auzidwenso, amadziwa makomo a m'deralo. Masana, laibulale ndi malo ofunda amene mayi angakhale ndi mwana osalipira.

Chimene tikupempha kwa mpingo ndi bungwe lililonse n'chochepa poyerekeza ndi zimene timasonkha pakagwa maliro. Gulani mahita amafuta anayi kapena asanu, ma alamu a carbon monoxide, ma thermometer a m'chipinda ndi matumba ogonera makanda a misinkhu iwiri itatu, zisungidwe kwa munthu wokhala ndi galimoto amene foni yake imayankhidwa usiku. Hita iliyonse ikabwezedwa, waya ndi pulagi ziyang'anidwe isanapite kwina. Lembani mayina a mabanja amene ali okonzeka kulandira mayi ndi mwana usiku umodzi kapena uwiri, ndipo gwirizanani muyezo wake: ngati chipinda chikukanika kufika madigiri 16 hita ili yoyaka, kapena mwana anabadwa masiku asanakwane, kapena akudwala chifuwa, banjalo lisamuke usiku womwewo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mayi wamanyazi sadzapempha yekha malo ogona, ndiye womuimbira anene ndi iye kuti galimoto ikubwera. Lamulungu limodzi mu Okutobala, mapemphero akatha, perekani theka la ola kuti namwino ndi mmisiri wa Gas Safe aonetse anthu kawotchi ka pressure, alamu ndi kavekedwe ka khanda, ndipo amene afika m'dziko muno chaka chino akhale kutsogolo.

Ndife anu,
anamwino, azamba ndi amisiri a zotenthetsera m'nyumba ochokera ku Malawi